Mlendo Tamulandira, Nanga Wakamudzutsa Ndani?

Mafumu athu, mashehe, abusa ndi ansembe, akuluakulu a boma, apolisi, a zaumoyo, aphunzitsi, amayi, abambo ndi achinyamata nonse, ena mwasiya maukonde osasoka pagombe, ena mwatsika phiri la Namwera kusanache, ena mwakwera kabaza kuchokera kutsidya kwa mlatho. 

Ndiyambe ndi za pakhomo, zimene mayi aliyense muno akuzidziwa kundiposa. Mlendo akafika madzulo timamulandira katundu, timamupatsa madzi osamba, nkhuku ikakhalapo imafa, kenako timamuyalira mphasa. Kodi ntchito yathera pomwepo? Ayi. Kukacha pamafunika wina akagogode, akamudzutse mlendoyo, amve kuti wagona bwanji. Ndipo wodziwa kusunga alendo sangomva zoti "tagona bwino" n'kutembenuka, chifukwa mlendo amayankha choncho ngakhale nsikidzi zamuchezera usiku wonse. Amamuyang'ana m'maso. Amaona ngati nsima ya dzulo inadyedwa kapena inangotsinidwa pambali.

Nkhani yanga lero ndi imeneyi, kungoti mlendo wake ndi munthu wothawa kwawo, ndipo mwini nyumba ndi dziko lonse. A m'maofesi amati kalondolondo wa chitetezo ndi ufulu wa anthu othawa kwawo. Ine ndingoti kukamudzutsa mlendo. Kulandira kokha timatha Amalawife, mbiri yathu ikuchitira umboni. Chimativuta n'cha m'mawa mwake.

Mwina wina akuti, bwanji nkhaniyi osakaikamba ku Dowa kumene kuli Dzaleka, poti kuno ku Mangochi kulibe kampu? Lero kulibedi. Koma malire alipo. Mukadutsa pa Chiponde muli ku Mandimba, m'chigawo cha Niassa. Ku Katuli ndi ku Makanjira alipo mabanja amene maliro akagwa mbali imodzi, olira amachokera mbali zonse ziwiri. Makolo a Ayao ambiri muli muno anachokera ku Niassa komweko m'zaka za m'ma 1800. Alomwe analowa m'dziko muno ambirimbiri pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa mu 1986, anthu anakhamukira kuno mitolo ili pamutu, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 tinkasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, pamene enife pa kalembera wa 1987 tinali pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Kuno akuluakulu akukumbukira kampu ya Chiumbangame, ndipo ambiri sanafike n'komwe pakampu, anangolowa m'midzi ya abale awo, mafumu n'kuwaloza pomanga. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 m'pamene anayamba kubwerera.

Komanso ife tomwe tinathawapo. Henry Masauko Chipembere, phungu wa boma lino pamene linkatchedwa Fort Johnston, anatuluka m'dziko mu 1965 ndipo anakamwalira ku America mu 1975.  A Mboni za Yehova anathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972. Ndipo ndani muno alibe mwana kapena mphwake ku Joni? Mu 2008 ndi mu 2015, pamene anthu kumeneko ankasaka alendo ndi zikwanje, si mafoni athu kodi amene ankalira usiku? Mu Epulo 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukawatenga ku Durban. Tinkafunsa mokwiya kuti apolisi a kumeneko ali kuti, mabungwe ali kuti, akuwayang'anira ana athu ndani. Funso lomwelo lero ndalitembenuza kuti liloze kuno.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba ndi ya pamalire, yachiwiri ndi ya thupi, yachitatu ndi ya khutu, yachinayi ndi ya mwini nyumba, yachisanu ndi ya kumene timapita nazo zimene taona.

Mfundo yoyamba: amene wafika adziwike, ndipo asabwezedwe asanamvedwe.

Mu 1987 dziko lathu linalowa m'mapangano awiri. Lina ndi la United Nations la 1951, limene limati wothawa kwawo ndi munthu amene ali ndi chifukwa chomveka choopera kuzunzidwa chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake, gulu lake kapena maganizo ake pa ndale. Linalo ndi la mayiko a mu Africa la 1969, limene linakulitsa khomo kuti alowenso wothawa nkhondo ndi zipolowe, ngakhale palibe amene akumusaka iye payekha. Mu 1989 tinapanga lamulo lathulathu. Msana wa mapangano onsewa ndi umodzi: munthu asabwezedwe kumene moyo wake uli pachiswe. Ndipo pangano la 1951 limawonjeza kuti wothawa asalangidwe chifukwa cholowa wopanda pasipoti, malinga ngati wadzionetsa kwa akuluakulu mosachedwa. Nyumba ikamapsa munthu satulukira pakhomo pokha.

Mashehe muli muno mukudziwa kuti lamuloli silinayambire ku Geneva. Asilamu oyambirira atazunzidwa ku Makka, cha m'ma 615, gulu lina linaoloka nyanja kukabisala ku Habasha kwa mfumu yachikhristu, Najashi. Akuluakulu a ku Makka anatumiza nthumwi ndi mphatso kuti anthuwo abwezedwe. Mfumuyo sinayankhe isanawamve eni ake. Inawaitanitsa, inawafunsa, ndipo itamva inakana kuwapereka. Taonani dongosolo lake: kumva kaye, kugamula pambuyo.

Si aliyense wodumpha malire amene ali wothawa, zimenezo tivomereze. Wina akukagulitsa nyemba, wina akudutsa ulendo wa ku Joni, wina ndi wakuba ndithu. Koma wosiyanitsa ndi komiti ya boma yoona za othawa kwawo imene lamulo la 1989 linakhazikitsa, osati wapolisi mmodzi pa rodibuloko, osatinso gulu la anyamata pamsika. Ntchito ya ife a pamalire ndi kuonetsetsa kuti munthuyo wafika pamaso pa oyenera, dzina lake lalembedwa, ana amene ali nawo awerengedwa, ndipo mwana amene wafika wopanda kholo wadziwika tsiku lomwelo. Munthu wosalembedwa akasowa palibe amamufunafuna. Mu Juni 2012 bwato linamira m'nyanja yathu yomweyi cha ku Karonga, n'kupha anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munafukulidwa mitembo pafupifupi 30. Anthu amenewo anadutsa m'midzi, anagona m'nyumba za anthu, anagula chakudya m'magolosale. Anaonedwa, koma palibe anawalemba.

Ndipo musati zimenezi n'zakale. Kumapeto kwa Disembala 2024, zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu masauzande anaolokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa m'masiku owerengeka, ndipo dzina la kampu ya Nyamithuthu, limene tinkaliyesa la m'mbiri, linamvekanso pa wailesi. Oyamba kuwalandira sanali a galimoto zoyera. Anali mafumu ndi anthu a m'midzi. Mwera sutumiza kalata, asodzi mukudziwa.

Mfundo yachiwiri: yang'anani thupi, osati kaundula wa matumba.

Pano ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa pali nkhani imene inachitika m'dziko muno yomwe ophunzira za umoyo kunja amaiwerenga, koma ife eni ake tinaiiwala. Anthu a ku Mozambique m'makampu ankalandira ufa wa chimanga, nyemba, mafuta ophikira ndi mtedza. Mu 1990 mtedza unasowa kwa miyezi ingapo. Pa pepala zinthu zinkaoneka kuti zili bwino: malole akufika, ufa ukugawidwa, palibe akugona ndi njala. Mtedza ndi chiyani, si chakudya chongotafuna pocheza? Koma m'zipatala za m'makampu munayamba kufika anthu, makamaka amayi, khungu litada ndi kukakala m'khosi ndi m'mikono, monse mofika dzuwa, ngati apsa ndi moto. Ena akutsekula m'mimba, ena mutu wasokonekera. Matendawa amatchedwa pelagra, ndipo amabwera munthu akamadya chimanga chokhachokha osapeza vitamini wina wotchedwa niacin, amene mu mtedza ndi mu nsomba alimo wambiri. Chaka chimenecho chokha odwala anafika pafupifupi 18,000 pakati pa othawa kwawo pafupifupi 286,000 m'makampu a kum'mwera.

Anazitulukira bwanji? Madokotala a Médecins Sans Frontières ndi anzawo a zaumoyo ankalemba wodwala aliyense, kampu ndi kampu, mwezi ndi mwezi, mpaka chiwerengero chinayamba kulankhula chokha. Atatero m'pamene panapezeka mapiritsi a mavitamini, mtedza unabweranso, ndipo ufa unayamba kuthiridwa michere. Koma chimene ndikufuna mutenge ndi ichi. Atafufuza kuti akudwala kwambiri ndani, anapeza kuti mabanja amene anali ndi kadimba, kapena nkhuku, kapena munthu wogwira kaganyu, kapena njira yopezera nsomba, ankapulumuka. Amene ankangodikira chogawidwa ndiwo ankagwa. Sungani mawu amenewa, tiwafunanso pa mfundo yachinayi.

Amayi, inu kalondolondo mumamudziwa bwino, mumangomutcha dzina lina. Mwezi uliwonse mumapita ndi mwana kusikelo. Samupima kamodzi n'kunena kuti basi wakula. Amamupachika mwezi uno, mwezi wamawa, mwezi winawo, n'kumalemba m'kabuku, chifukwa mzere ukayamba kutsika umaoneka m'kabuku mwana asanaoneke kuonda ndi maso. Kuyang'anira othawa kwawo ndi sikelo yomweyo. Kamodzi sikokwanira. Ndibwerezenso, kamodzi sikokwanira.

Lero sikeloyo ikufunika ku Dzaleka. Malo amene anakonzedwa kuti asunge anthu 10,000 kapena 12,000 akusunga oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 bungwe la WFP linadula thandizo la chakudya kumeneko kufika pa theka chifukwa ndalama zinachepa. Thandizo likadulidwa pakati njala siidulidwa pakati. Imangosamukira kwina: mtsikana amasiya sukulu, mayi amagona ndi njala kuti ana adye, wina amalowa ngongole ya katapila. Zimenezo m'kaundula wa ogawa chakudya simungazipeze.

Mfundo yachitatu: mverani mwini wake.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kumayambiriro kwa 1988 boma la America linatuma munthu wina dzina lake Robert Gersony kuti akaone za othawa nkhondo ya ku Mozambique. Sanakhale m'mahotela kumafunsa nduna. Anayenda m'makampu, kuphatikizapo a kuno ku Malawi, n'kukhala pansi ndi anthu pafupifupi 200, mmodzimmodzi, paokha. Lipoti lake litatuluka mu Epulo chaka chomwecho, lofotokoza kuphedwa kwa anthu wamba, kugwiriridwa kwa amayi ndi kusenzetsedwa katundu mokakamiza, amene ankaikira kumbuyo Renamo ku America anasowa ponena. Mawu amene anagwedeza Washington anachokera pakamwa pa alimi osavala nsapato.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Tsiku lina tinapita gulu kukayendera malo ena osungirako anthu. Tinapeza pabwalo posesedwa, ana atafola, amayi akuimba. Mtsogoleri wa pamalopo analankhula bwino, ife tinaomba m'manja, ine n'kulemba m'kope langa kuti zonse zili m'malo mwake. Tikukwera galimoto, mayi wina anandigwira malaya n'kunong'ona kuti zimbudzi zili kutali, zilibe zitseko, ndipo atsikana kukada sapitako, amaopa amuna amene amabisala m'njira. Dalaivala anali ataliza kale injini. Ndinamuuza mayiyo kuti tidzabweranso. Sindinabwerere, ndipo zimene ananenazo sindinazilembe.

Choncho pofunsa, amayi afunsidwe paokha, ndipo wofunsa akhale mayi. Ana afunsidwe mwa njira ya ana. Okalamba ndi olumala, amene safika pabwalo la msonkhano, atsatiridwe kunyumba. Womasulira asakhale mnansi wa amene akudandaulidwayo. Ndipo musaope kufunsa za othandiza enieniwo. Mu 2002 lipoti la UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndi Save the Children linaulula kuti m'makampu a ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, ena mwa ogwira ntchito zachifundo ankagona ndi atsikana posinthana ndi chakudya ndi malona. Ife a m'mbali mwa nyanja tisachite ngati tadabwa. Tikudziwa zimene zimachitika pagombe usipa ukasowa, pamene mayi wa geni ali ndi beseni lopanda kanthu ndipo mwini bwato ndiye akusankha womugulitsa. Paliponse pamene wina wagwira chakudya ndipo wina ali ndi njala, pamafunika diso lachitatu.

Mfundo yachinayi, imene ili yowawa: mwini nyumba nayenso ayang'aniridwe.

Pamene tinkalowa m'pangano la 1951, boma la nthawiyo linakana kumangidwa ndi mfundo 9 za panganolo. Zina mwa izo ndi ufulu woyenda ndi kukhala kumene munthu wafuna, ufulu wolembedwa ntchito, wokhala ndi malo, wophunzira m'sukulu za boma mofanana ndi nzika, ndi mwayi wodzakhala nzika. Mwina mu 1987 zinali ndi pomveka: anthu ankalowa masauzande pa mwezi, ndipo aliyense ankayembekeza kuti nkhondo ikatha abwerera. Anabwereradi. Mlendo ndi mame, timatero. Koma Dzaleka inatsekulidwa mu 1994, pamalo pamene mu ulamuliro wa Kamuzu Banda panali ndende ya anthu a ndale, ndipo dzinalo likuchokera pa mawu a wolapa akuti ndidzaleka. Mwana amene anabadwira pamenepo chaka chimenecho lero ali ndi ana akeake. Amalankhula Chichewa ngati inu ndi ine, Congo kapena Burundi sanaiwonepo, koma saloledwa kugwira ntchito kunja kwa kampu, ngakhale kuyenda popanda chilolezo. Mame a zaka zoposa 30 ndi mame kodi?

Kumbukirani aja anapulumuka ku pelagra: anali a kadimba, a nkhuku, a kaganyu. Tikamuletsa munthu kudzipezera yekha, n'kumudulanso chogawidwa, tamutsekera makomo awiri nthawi imodzi.

Ambiri anatuluka mukampu kukatsekula timaokala ndi timashopu m'matauni ndi m'misika ya m'maboma, ndipo ife tonse tinkawatcha Maburundi ngakhale achokere ku Rwanda kapena ku Congo. Mu Epulo 2021 boma linalamula kuti abwerere ku Dzaleka, nkhani inapita kukhoti, ndipo mu 2022 khoti linachotsa chiletso. Pa 27 Malichi 2023 boma linaperekanso lamulo loti pofika pa 15 Epulo onse akhale atabwerera. Pa 17 Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kugwira anthu ku Lilongwe, ndipo malinga ndi UNHCR anthu 377, mwa iwo ana 117, anakawatsekera kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka. Ntchitoyi inafalikira m'maboma ena. Mashopu anatsekedwa, katundu analandidwa, ana anasiya sukulu pakati pa teremu, ndipo ena anali okwatirana ndi Amalawi.

Ndinene maganizo anga poyera, wina akhoza kutsutsa pa nthawi ya mafunso. Boma lili ndi udindo wodziwa amene ali m'dziko, ndipo linali ndi lamulo kumbuyo kwake. Dandaulo la wamalonda wa kuno, amene amaona kuti mlendo akugulitsa motchipa kumuposa, si lopeka, ndipo amene amalinyoza sanagulitsepo sopo pamsika. Koma mwana wa zaka zisanu analakwa chiyani kuti akagone ku Maula? Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pokamba za ulemu wa munthu, za kusazunzidwa, ndi za kuonekera kukhoti pasanathe maola 48 munthu atamangidwa, amakamba za munthu aliyense, osati nzika yokha. Bungwe lathu la Malawi Human Rights Commission linadzudzula mmene ntchitoyi inayendera, ndipo linachita bwino, chifukwa ndiyo ntchito imene linakhazikitsidwira. Panamvekanso zoti pakati pa othawawo pali zigawenga ndi ozembetsa anthu. Ngati alipo, agwidwe ndi maina awo, aweruzidwe ndi umboni wawo. Timakonda kunena kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma ndafunsa asodzi, palibe amene anatayapo chilimira chonse chifukwa cha usipa umodzi. Amatola woolawo, otsalawo n'kuyanika pathandala.

Mu Disembala 2019, pa msonkhano waukulu wa othawa kwawo ku Geneva, boma lathu linalonjeza kuunikanso malamulo amenewa ndi kuwaphatikiza othawa kwawo m'mapulani a chitukuko. Lonjezo nalonso limafuna sikelo. Aphungu athu akabwera kudzapempha mavoti tiziwafunsa kuti lamulo la 1989 lafika pati. Ndipo tisaiwale kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ife a ku Mangochi tinaona chikondwerero cha Lake of Stars chikudzaza malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno. Ku Dzaleka wolemba ndakatulo wina wochokera ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, amene amadziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo anthu a ku Lilongwe amakhamukira kukampu kukaonera. Malumo ena otere tawatsekera mumpanda.

Mfundo yachisanu: zimene mwaona muzipita nazo kuti, ndipo muzizinyamula bwanji.

Kuona n'kukhala chete kuli ngati kupima mwana n'kutaya kabuku. Koma kunyamula nkhani ya munthu wothawa kumafuna manja osamala, chifukwa amene anamuthamangitsa nawonso ali ndi mafoni. Chithunzi chake musachiike pa Facebook. Dzina lake lisayende m'magulu a WhatsApp. Lembani m'kope tsiku, malo, chimene chachitika, ndipo musiyanitse zimene mwaona ndi maso ndi zimene mwangomva. Musanapite nayo nkhani kwina, mufunseni mwini wake ngati akulola, kupatula pamene mwana ali pangozi. Musamulonjeze zimene simungathe, monga ndinachitira ine pa galimoto paja.

Makomo ogogoda alipo. Za munthu amene wangofika kumene, ofesi ya DC ndi a zolowa ndi kutuluka ayenera kudziwitsa nthambi ya boma yoona za othawa kwawo, imene ili pansi pa unduna wa za chitetezo cha m'dziko. Za nkhanza kwa mayi kapena mwana, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndiponso a zachisamaliro cha anthu ali paboma pomwe pano. Mukaona anthu akusungidwa m'nyumba mobisa podikira lole ya usiku, dziwani kuti tili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Womangidwa wopanda loya, a Legal Aid Bureau alipo. Khomo limodzi likakana kutsekuka, kapena ngati wolakwayo ndi mwini khomolo, pitani kwa Ombudsman kapena ku Human Rights Commission. UNHCR ili ndi udindo, pansi pa pangano la 1951 lomwelo, woyang'anira mmene mayiko akulitsatira, koma mu 2025 thandizo la mayiko olemera linatsika kwambiri ndipo bungweli linachepetsa antchito m'mayiko ambiri. Maso akunja akuchepa. Otsala ndi a mfumu, a shehe, a mlangizi wa zaumoyo, a mphunzitsi amene amaona mpando wopanda mwana.

Pomudzutsa mlendo tisadumphe ana a pakhomo. Akuluakulu a m'madera amene munali makampu akuuzani kuti alendo atapita mapiri anatsala ometedwa, chifukwa anthu miliyoni amaphika ndi nkhuni. Akuuzaninso za mkwiyo umene umabwera mlendo akamalandira thumba la ufa pamene mwini mudzi wagona ndi madeya. Mkwiyo umenewo ukapanda kumvedwa msanga umakagwera mlendo yemweyo. Wochita kalondolondo afunsenso mudzi: mjigo ukukwanira kodi, kuchipatala mankhwala akutha msanga bwanji, kalasi ya sitandade 1 muli ana angati.

Ndaona kuti muno muli agogo angapo ochokera cha ku Namwera ndi ku Chiponde amene munasunga anthu m'nyumba zanu zaka za nkhondo ija. Zimene ndakamba za 1986 ndi 1990 ine zambiri ndinaziwerenga, inu munaziphikira nsima. A tcheyamani, ndikupempha kuti nthawi ya mafunso iyambe ndi iwowa. Atiuze kuti anthuwo anafika bwanji, chinawavuta kwambiri chinali chiyani, ndipo ndani ankabwera kudzafunsa. Achinyamata awiri a kutsogoloku, tulutsani makope mulembe, koma maina a anthu amene atchulidwe muwasiye.